Tisafulumire kudzudzula ana ofunsira malo m'mayunivesite ambiri ku America

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira chaka chimene mwana wanga wamkazi ankamaliza sekondale kuno ku America, kumene ndakhala ndi banja langa kwa zaka zoposa khumi. Mwanayu anafunsira malo m'mayunivesite 16, ndipo mbiriyi itafika kumudzi, achemwali anga aakulu, amene anapuma pa ntchito yauphunzitsi, anandiimbira foni ali okhumudwa kwambiri. Iwo anati: "Achimwene, mwanayu mukumulera bwanji? Kodi simunamuuze kuti mapanga awiri avumbwitsa? Munthu wodziwa chimene akufuna sagogoda pa makomo 16 nthawi imodzi." Sindinawatsutse tsiku limenelo chifukwa ndinkadziwa kuti akuyankhula mwachikondi, komanso chifukwa inenso poyamba ndinkaganiza chimodzimodzi. Koma nditatsatira bwino mmene mayunivesite otchuka a kuno amasankhira ophunzira, ndinafika poona kuti mlandu umene timasenzetsa ana athu, mbali yake yaikulu ndi ya eni mayunivesitewo. Ndikulemba kalatayi kuti makolo anzanga, a kumudzi ndi a kunja omwe, asamadzudzule mwana asanamvetse chimene chikumuthamangitsa.

Ife amene tinakulira ku Malawi tinazolowera njira yolunjika. Munthu ankalemba mayeso a MSCE, mapointi ake n'kuwerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, kenaka n'kumadikira kuti dzina lake limveke pa wailesi kapena lioneke m'nyuzipepala. M'nthawi yanga yunivesite inali imodzi yokha, ya nthambi zake ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Lero mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi ndipo malo akuperewerabe, moti ana ambiri okhoza bwino amatsalira, koma ngakhale zili choncho mwana amene wapeza mapointi 8 amadziwa pamene waima, ndipo amene wapeza 30 amadziwanso maphunziro amene sangawayembekezere.

M'mayunivesite a ku America amene aliyense amawalakalaka mulibe mlingo wotere. M'chaka cha 2022 yunivesite ya Harvard inalandira makalata ofunsira malo oposa 61,000, koma amene anaitanidwa anali 1,954 okha, kutanthauza kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi 97 anabwezedwa. Munthu akamva zimenezi angaganize kuti obwezedwawo anali ofooka m'kalasi, koma si choncho ayi. Pa mlandu wokhudza kasankhidwe ka ophunzira umene yunivesiteyi inazengedwa, umene unakathera ku khoti lalikulu la dzikoli mu Juni 2023, zinadziwika kuti m'chaka chimodzi chokha panali ana a m'dziko momwemo oposa 8,000 amene anakhoza maphunziro awo a ku sekondale popanda banga, pamene oitanidwa anayenera kukhala pafupifupi 2,000. Ngakhale yunivesiteyo ikanafuna kutenga okhoza kotheratu okhaokha, ikanabwezabe atatu mwa anayi alionse.

Nanga amasankha bwanji? Amayang'ana magiredi, inde, koma amayang'ananso nkhani imene mwana walemba yofotokoza za moyo wake, makalata a aphunzitsi omuchitira umboni, masewera amene amachita, zoimbira zimene amadziwa, ntchito zothandiza anthu zimene wagwira, dera limene akuchokera, ndiponso zosowa za yunivesiteyo m'chaka chimenecho, zimene mwanayo alibe njira yozidziwira. Mwina chaka chino timu yawo yopalasa bwato ikusowa munthu, mwina dipatimenti ya zinenero zakale ili ndi ophunzira ochepa, mwinanso atenga kale ana okwanira ochokera m'chigawo chimene iye amakhala. Wobwezedwa sauzidwa chifukwa chake. Amangolandira kalata ya mizere yochepa yomuuza kuti ofunsira malo anali ambiri. Ndinaona ndi maso anga mnzake wa mwana wanga akukanidwa ndi yunivesite imene aphunzitsi ake ankati alowa mosavuta, koma n'kutengedwa ndi ina imene iye mwini ankaiopa. Mlimi wa m'chigwa cha Shire amene sadziwa mmene mvula igwere chaka chino sadzala chimanga chokha. Amadzalanso mapira ndi mchewere, ndipo ngati ali ndi dimba amalisamalira, koma palibe amene amamunena kuti ndi wosakhazikika maganizo. Mwana wofunsira malo m'mayunivesite ambiri akuchita zomwezo pa nyengo imene sangathe kuilosera.

Chimene chinatikakamiza kwambiri ife pabanja pathu ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene abale a kumudzi amavutika kumvetsa. Mtengo wolembedwa wa mayunivesite otchukawa, ukaphatikiza fizi, malo ogona ndi chakudya, umaposa madola 80,000 pa chaka, zomwe zikufanana ndi ndalama zonse zimene banja wamba la kuno limapeza pa chaka chathunthu msonkho usanadulidwe. Si onse amene amalipira mtengo wonsewo, chifukwa yunivesite iliyonse ili ndi thumba lake la thandizo komanso kawerengedwe kakekake koonera kuti banja lingakwanitse zingati. Vuto n'lakuti kalata yonena ndalama zenizeni zimene kholo lidzalipire imabwera mwana atapatsidwa kale malo. Pa intaneti pali zida zoyerekezera mtengowo, koma zimangopereka chithunzithunzi, makamaka kwa banja ngati langa limene limathandizanso abale kumudzi, chinthu chimene mafomu awo alibe malo okwanira ochifotokozera. Taganizani msika umene wogulitsa chimanga sakuuzani mtengo wa thumba mpaka atayamba wakufunsani mbiri ya moyo wanu, n'kudikira miyezi itatu, kenaka n'kuvomera kukugulitsani. Mumsika wotere munthu wanzeru amaima pa mizere ingapo. Ifeyo tinalandira makalata awiri ochokera ku mayunivesite ofanana msinkhu, onse atawerenga mapepala omwewo a malipiro anga ndi a mkazi wanga, koma ndalama zimene ankafuna zinasiyana ndi madola oposa 20,000 pa chaka. Mwana wanga akanafunsira ku imodzi yokha mwa ziwirizo, n'kukhala kuti ndi yodula ija, tikanalowa m'ngongole imene tikanaibweza mpaka ukalamba.

Palinso chinthu chimene chimadabwitsa anthu ambiri, chakuti mayunivesite ovuta kulowa ndi omwenso ali ndi chuma chochuluka, choncho kwa mwana wosauka amatha kukhala otsika mtengo kuposa yunivesite ya boma ya pafupi ndi kwawo. Mu Malichi 2025 Harvard inalengeza kuti mwana wochokera m'banja lopeza madola 100,000 kapena kuchepera pamenepo pa chaka sazilipira chilichonse, ngakhale malo ogona ndi chakudya. Ndiye mwana wa namwino kapena wa dalaivala akamafunsira malo m'mayunivesite khumi otchuka, tisamati ndi matama, pakuti nthawi zambiri amakhala akusaka pamene angaphunzire osamiza makolo ake m'ngongole, ndipo makomo amene ali ndi thandizo lokwanira ndi omwe ajanso amene amabweza anthu ambiri.

Kale kufunsira malo ambiri kunali kovuta chifukwa yunivesite iliyonse inali ndi fomu yake yodzaza pamanja n'kutumiza papositi. M'chaka cha 1975 makoleji 15 anagwirizana zokhala ndi fomu imodzi yotchedwa Common Application, ndipo lero mayunivesite ndi makoleji oposa 1,000 amailandira kudzera pa intaneti. Mwana amalemba mbiri yake kamodzi, nkhani yake yaikulu ya mawu osaposa 650 kamodzi, kenaka akhoza kuitumiza ku masukulu ofika 20. Mayunivesite otchuka ambiri amalipiritsa pakati pa madola 70 ndi 100 pa kalata imodzi, ngakhale kuti ana ochokera m'mabanja ovutika amakhululukidwa ndalamayi akapempha. Pamene kuwonjezera dzina lina pa mndandanda kwasanduka nkhani yongodina pa kompyuta, mwana wamantha amawonjezera, ndipo ine sindingamuimbe mlandu.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandimvetsa chisoni, chifukwa chimene chili chanzeru kwa mwana mmodzi chimapweteka ana onse pamodzi. Mwana aliyense akawonjezera mayunivesite atatu pa mndandanda wake, makalata amachuluka paliponse pamene malo sanachuluke, chiwerengero cha otengedwa pa 100 alionse chimatsika, ana a chaka chotsatira amaona chiwerengerocho n'kuchita mantha, ndipo nawonso amawonjezera ena atatu. Mliri wa Covid-19 unaonetsa zimenezi poyera. Malo olembera mayeso olowera ku yunivesite otchedwa SAT ndi ACT atatsekedwa mu 2020, mayunivesite ambiri analeka kukakamiza ana kutumiza zotsatira za mayesowa, ndipo ana amene kale ankadziletsa poona kuti sanakhoze mokwanira anayamba kuyesa mwayi. Ku Harvard makalata anakwera kuchoka pa 40,000 ndi pang'ono kufika pa oposa 57,000 m'chaka chimodzi chokha, pamene malo a chaka choyamba anali omwe aja, pafupifupi 1,650. Pambuyo pake yunivesite ya Massachusetts Institute of Technology (MIT) inabwezeretsa mayesowa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard anatsatira mu 2024, koma mantha amene anadzalidwa m'mitima ya ana ndi makolo sanazulidwe.

Eni mayunivesite sangasambe m'manja pa zimenezi. Bokosi lathu la makalata linkadzaza sabata iliyonse ndi timabuku tokongola tochokera ku mayunivesite amene ankamuuza mwana wanga kuti ndi mtundu wa wophunzira amene akumufuna, ndipo ena mwa amene ankamulembera mokoma chonchi ndi omwe anadzamubweza ndi kalata ya mizere inayi. Kwa zaka zambiri, kubweza anthu ochuluka kunkakweza dzina la yunivesite pa mndandanda wosanja mayunivesite wa magazini ya U.S. News & World Report, umene unayamba mu 1983 ndipo makolo ambiri amaukhulupirira kwambiri. Magaziniyi inaleka kuwerengera chiwerengero cha obwezedwa mu 2018, chaka chomwenso Stanford inasiya kulengeza ndi mfuu chiwerengero chake, koma maganizo akuti yunivesite yabwino ndi imene imakana anthu ambiri anali atakhazikika kale. Ndipo mndandandawo si wodalirika monga mmene timauonera: mu 2022 mphunzitsi wa masamu wa pa Columbia, Michael Thaddeus, anaonetsa kuti ziwerengero zina zimene yunivesite yake inapereka zinali zolakwika, ndipo Columbia inatsika kuchoka pa nambala 2 kufika pa nambala 18.

Choipa kuposa apo n'chakuti malo amene ana onse amaoneka ngati akulimbirana, ena amakhala atapita kale. Mayunivesite monga Columbia, Brown, Dartmouth ndi Cornell ali ndi njira yotchedwa Early Decision, imene mwana amafunsira malo kumayambiriro kwa Novembala n'kulonjeza kuti akatengedwa apita komweko ndipo achotsa makalata ake kwina konse. Mayunivesite ena amadzaza pafupifupi theka la malo awo kudzera m'njira imeneyi. Koma ndi banja liti limene lingalonjeze lisanaone mitengo ya kwina? Ndi banja limene ndalama si nkhani. Banja ngati langa limadikira Januwale, pamene ofunsira achuluka koma malo achepa, ndipo pofuna kudziteteza limatalikitsa mndandanda. Kuwonjezera apo pali ana a anthu amene anaphunzira pomwepo, ana a opereka ndalama zambiri ku yunivesite, ana a aphunzitsi a pomwepo ndi osewera amene makochi awasankha kale. Katswiri wa zachuma Peter Arcidiacono ndi anzake, atasanthula mapepala amene anatuluka pa mlandu wa Harvard uja, anapeza kuti mwa azungu otengedwa, oposa 43 pa 100 alionse anali a magulu amenewa. Mu 2023 Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman anapezanso kuti mwana wochokera m'mabanja olemeretsetsa, aja a gawo limodzi mwa 100 la pamwamba, amapezeka m'mayunivesite 12 otchuka kwambiri kuwirikiza kawiri kuposa mwana wa banja wamba amene anakhoza mayeso mofanana naye. Mwana wa munthu wosadziwika akaona zotere amadziwa kuti mwayi wake weniweni ndi wochepa kuposa umene walembedwa, ndipo chimene angachite n'kugogoda makomo ambiri.

Wina angafunse kuti, nanga n'kulimbiranji dzina? Sindinganame kuti dzina la yunivesite lilibe ntchito. Mwa oweruza asanu ndi anayi a khoti lalikulu la America, asanu ndi atatu anaphunzira zamalamulo ku Harvard kapena ku Yale, ndipo makampani ena akuluakulu amapita kukasaka antchito m'masukulu ochepa omwewa. Komabe akatswiri awiri a zachuma, Stacy Dale ndi Alan Krueger, pa kafukufuku wawo wa 2002 amene anamubwerezanso mu 2011, anayerekeza ana a luso lofanana amene ena anapita ku yunivesite yotchuka ndipo ena ku yocheperako, n'kupeza kuti kwa ambiri malipiro awo atakula sanasiyane kwenikweni. Amene anapindula mooneka ndi dzina la sukulu anali ana ochokera m'mabanja osauka, ana akuda ndi ana amene makolo awo sanapite patali ndi sukulu, mwina chifukwa chakuti yunivesite yotereyi imawapatsa anthu odziwana nawo amene kwawo sakanawapeza. Zimenezi zikutiuza kuti ana athu ali ndi chifukwa chomveka choyesera, koma zikutiuzanso kuti luso ndi khama zimene mwana ali nazo pamene akufunsira malo zimapita naye kulikonse kumene angakaphunzire.

Ifenso makolo tili ndi gawo lathu, ndipo ndikunena izi ndikudziwerengera ndekha. Ambiri a ife tinasiya kwathu, tinagwira ntchito zausiku, tinapirira chisanu ndi kusungulumwa, ndipo mumtima timafuna chinthu chooneka chimene tinganene kwa abale kuti kuvutika konseku sikunapite pachabe. Mayina amene abale kumudzi amawadziwa ndi ochepa: Harvard, Yale, Oxford, Cambridge. Mwana amamva mmene mawu athu amasinthira tikatchula mayinawa, amaona mmene timatumizirana pa WhatsApp chithunzi cha mwana wa mnzathu atavala juzi ya yunivesite yotchuka, ndipo ngakhale tisanene kanthu amadziwa chimene chingatisangalatse. Mayunivesite atatu mwa 16 aja mwana wanga anawalemba chifukwa cha ine, ndipo anadzandiuza zimenezi patapita chaka. Ndinamupepesa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tsono pali pamene achemwali anga ankanena zoona, ndipo sindingabise. Ana ambiri amawerengera motere: ngati mwayi wanga pa yunivesite iliyonse ndi 5 pa 100, ndikafunsira khumi mwayi woti imodzi inditenge ukwera kufika pafupifupi 40 pa 100. Masamuwa angakhale olondola ngati yunivesite iliyonse ikuchita maere payokha, koma mayunivesitewa amawerenga magiredi omwewo, nkhani yomweyo ndi makalata a aphunzitsi omwewo, ndipo amakopeka ndi zinthu zofanana. N'chifukwa chake chaka chilichonse pamakhala ana ochepa amene amatengedwa pafupifupi paliponse ndi ana ambirimbiri amene amabwezedwa paliponse. Minda khumi yokhala pa mtunda umodzi imauma limodzi mvula ikadula. Mlimi wa m'chigwa uja amapulumuka chifukwa mbewu zake n'zosiyana ndipo dimba lake lili pa chinyontho, choncho mndandanda wa mayunivesite khumi amene onse amabweza 95 pa 100 sufanana n'komwe ndi nzeru za mlimiyo. Ndipo malo achinyontho alipo ambiri: bungwe la Pew Research Center litaunika makoleji ndi mayunivesite 1,364 a maphunziro a zaka zinayi, linapeza kuti mu 2017 anali 17 okha amene ankatenga ochepera 10 pa 100, pamene oposa theka ankatenga awiri mwa atatu alionse ofunsira malo kapena kuposa apo. Phokoso lonse limene timamvali ndi la kagulu kochepa kwambiri ka masukulu.

Kuchulukitsa makalata kulinso ndi mtengo umene sulembedwa pa risiti. Yunivesite iliyonse yotchuka imafuna nkhani zina zowonjezera, ziwiri, zitatu, pena mpaka zisanu, ndipo kawirikawiri pamakhala funso lakuti n'chifukwa chiyani ukufuna sukulu yathu ino. Mwana wanga analemba nkhani zoposa 40 pakati pa Okutobala ndi Januwale, uku akuphunzira, uku akugwira ganyu Loweruka. Tchuthi cha Khirisimasi chonse anathera pa tebulo, ndipo ndikawerenga nkhani zomalizira ndinkaona kuti mawu ake enieni atha, zatsala ndi ziganizo zongokopera kuchokera ku nkhani ina kupita ku inzake. Kumapeto kwa Malichi mayankho anayamba kufika motsatizana, ndipo usiku wina anatsegula makalata anayi omukana pasanathe ola limodzi. Sanalire pamaso pathu, koma anakana kudya, ndipo mayi ake anakhala naye kuchipinda mpaka usiku kwambiri. Pa 16 paja, asanu anamutenga, awiri anamuika pa mndandanda wa odikira umene sunasunthe, ndipo otsalawo anamubweza. Tsiku la 1 Meyi lisanafike, limene ndi tsiku lomaliza loyankhira, anasankha yunivesite ya boma ya m'chigawo chathu imene inamupatsa sikolashipu yokwanira, ndipo panopa akuphunzira zauinjiniya ndi mtima wokhazikika. Ndikayang'ana m'mbuyo, mayunivesite asanu ndi anayi kapena khumi osankhidwa mosamala akanamufikitsa pomwepa ndi misozi yochepa.

Kwa ana amene akufunsira malo ali ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, chingwechi n'chothina kwambiri. Mayunivesite ambiri a ku America akamaunika mwana wochokera kunja amayang'ananso ngati angathe kulipira, ndipo kupempha thandizo lalikulu kumachepetsa mwayi wake. Amene amalonjeza kuunika mwana wakunja osayang'ana thumba lake, kenaka n'kumupatsa thandizo lonse limene akufunika, ndi ochepa kwambiri, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, ndipo onsewa ali m'gulu la ovuta kulowa. Choncho mwana wa ku Dedza kapena ku Rumphi amene makolo ake ndi alimi alibe mwayi wosankha sukulu yosavuta kulowa, chifukwa yosavutayo ingamutenge koma n'kumutumizira bilu imene mudzi wonse sungailipire. Tikamuona akulemba ku masukulu 15, tidziwe kuti wawerengera bwino. Zimatheka ndithu, pakuti William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth mu 2014, koma njira imene iye anadzera ndi yosowa, ndipo sitiyenera kuigwiritsa ntchito ngati muyeso wa mwana aliyense. Ndikupempha aphunzitsi ndi makolo kuti mwana wotere azimuthandiza kupempha kukhululukidwa ndalama zofunsira malo, azimutumiza kwa alangizi a EducationUSA ku Lilongwe, amene ali pansi pa boma la America ndipo amalangiza za maphunziro a m'dzikolo, m'malo mopereka ndalama kwa anthu olonjeza malo ndi sikolashipu, ndipo koposa zonse asamulole kunyalanyaza fomu ya mayunivesite a kwathu pamene akudikira mayankho a kutsidya kwa nyanja, poti kupeza malo n'kwina, kupeza viza n'kwinanso.

Mavutowa si achilengedwe ngati chilala, pakuti mayiko ena anasankha njira ina. Ku Britain makalata onse amadzera ku bungwe la UCAS, limene limalola mwana kusankha malo asanu okha, ndipo salola kufunsira ku Oxford ndi ku Cambridge m'chaka chimodzi. Maphunziro alionse amalembedwa poyera magiredi amene amafunika, moti mwana amatha kudziyeza yekha asanataye nthawi. Njira imeneyi ili ndi zofooka zake, koma imaonetsa kuti malire akakhala a onse, palibe mwana amene amaopa kuti mnzake wamupitirira pongochulukitsa makalata. Ku America malire otere sangagwire ntchito pokhapokha mayunivesite atayamba auza banja mtengo weniweni mwana asanafunsire malo, atasiya kusungira malo ana a anthu awo, ndiponso atawonjezera malo molingana ndi chuma chimene ali nacho. Kuchepetsa makalata popanda kukonza zinthu zimenezi kungapweteke mwana wosauka amene amadalira kuyerekeza mitengo.

Inunso a Mkonzi ndikupempheni kanthu kamodzi. Mukamalemba nkhani ya mwana wathu amene waitanidwa ndi mayunivesite angapo a kunja, zimene n'zoyeneradi kuzinyadira, muzimufunsanso kuti anafunsira angati, anabwezedwa ndi angati, ndipo amene amutengawo akumupatsa thandizo lochuluka bwanji, kuti ana amene akuwerenga aziona chithunzi chonse. Achemwali anga ndinawatumizira makalata awiri a ndalama aja kuti adzionere okha kusiyana kwake, ndipo atawawerenga anandiimbiranso foni, ulendo uno ndi mafunso ambiri. Mdzukulu wawo ali Fomu 3 chaka chino ndipo amakonda sayansi, choncho tagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi tikhale naye pansi pa foni, ife atatu pamodzi ndi mwana wanga, tiyambe kulemba mndandanda wake, kuyambira ndi mayunivesite a kumudzi komweko.

Ine wowerenga wanu,
Kholo lokhudzidwa,
Indiana, America